Luisa wa pa Thumba la Ufa

Ndasoka zaka zambiri pakhonde la sitolo ya Mai Dorika pa Bangula. Telala wa pakhonde salankhula kwambiri. Mapini amakhala kukamwa, maso pa singano, koma msewu wonse umadutsa pamaso pake. Damiano ndidamuona tsiku limene adafika, ndidamuonanso tsiku limene adachoka.

Adafika mu Okutobala 1986, dzuwa likuotcha ndi mapazi omwe, ali m'gulu la anthu othawa nkhondo kuchokera kutsidya kwa Shire, cha ku Morumbala. Ena adasenza mphasa, ena mapoto, wina adasenza chitseko. Iye adangonyamula kachitini ka mkaka, m'katimo muli maburashi asanu. Anali wamtali, wowerama pang'ono, imvi zitayamba m'mbali mwa makutu. Adaima kutsogolo kwa sitolo n'kuyang'ana chikwangwani nthawi yaitali. Kenaka adalowa nauza Mai Dorika, m'Chisena chosakaniza ndi Chimang'anja, kuti zilembo zawo zikudwala.

"Zikudwala chiyani?" adafunsa Mai Dorika.

"Njala, mai. Taonani D wanuyo, nthiti zonse zili panja."

Mai Dorika adaseka namupatsa penti yotsala ya pachitseko. Pofika madzulo dzina lawo linali litanenepa, likuwerengeka kuchokera ku njanji. Umu ndi mmene Damiano adapezera ngodya inayo ya khonde. Ankagona kukampu ya othawa nkhondo, m'mawa n'kubwera wapansi, kukhala pampando wa bokosi, ine uku, iye uko.

Kujambula adaphunzira kumishoni kwawo ali mnyamata. Chaka ndi chaka mvula ikatha, ansembe achipwitikizi ankamutuma kupentanso zifanizo za oyera m'tchalitchi, chifukwa chinyontho chinkawasupula masaya. Zikwangwani ankati ndi za mimba chabe. Chimene adaphunzira kwenikweni ndi nkhope.

Anthu a kukampu adazidziwa zimenezi posakhalitsa. Ambiri adathawa opanda chithunzi ngakhale chimodzi, ndipo pafupifupi aliyense anali ndi wake amene adasiyana naye m'njira. Kufunsa ndi pakamwa kuti mwamuonako Teresa sikunkathandiza, a Teresa anali ambiri. Tsono ankabwera kwa Damiano kuti awajambulire munthu amene iye sadamuonepo.

Ndinkamvetsera mmene ankafunsira. Za msinkhu kapena khungu ankazisiya pomalizira. Ankayamba ndi kuti, akamaseka ankabisa mano kapena ayi? Akakwiya ankayang'ana kuti? Kenaka ankamutenga wachibaleyo n'kupita naye kumsika. "Mundisonyeze chipumi chonga chake," ankatero. Chipumi ankabwereka kwa mayi wogulitsa tomato, mphuno kwa kondakitala wa basi, makutu kwa mwana wasukulu, eni akewo osadziwa n'komwe. Ankajambula pa matumba a ufa wa chithandizo. Ine ndinkawatumbula, kuwachapa mpaka zilembo za kunja zitazilala, n'kupinda m'mbali. M'munsi mwa chithunzi chilichonse ankasiya malo otambalala ngati chikhatho, pomwe ankalembapo dzina la wosowayo, mudzi wake, ndi kumene womufunayo akupezeka. Anthu ankapereka zithunzizo kwa madalaivala a malole a chimanga kuti akazipachike m'makampu ena.

Anali ndi lamulo limodzi. Chithunzi sichinkachoka pakhonde mpaka wachibale atanena kuti, "Ndi yemweyo." Akangoti "wafanana," Damiano ankatsegula chitini cha penti yoyera, kufuta nkhope yonse, n'kuyambiranso. Ena ankadandaula kuti inali bwinobwino. Iye ankayankha kuti wofanana ali paliponse, munthu sungamupeze ndi nkhope ya mnzake.

Ankamulipira ndi milamba youma, nyemba, nthawi zina kapu ya mafuta ophikira. Pa zithunzi zonse zimene adajambula, zomwe ndikudziwa kuti zidapeza munthu ndi zitatu. Chimodzi mwa izo chidapeza mayi wolakwika, koma iye ndi mkulu wofunayo adagwirizana, ndipo adakalambira limodzi ku Sorgin.

Chithunzi chake cha iye mwini chinali cha Luisa, mkazi wake. Nkhani yake adandiuza kamodzi kokha, mwachidule. Luisa adalawirira kudimba kukakumba mbatata. Mfuti zidayamba kulira pakati pa mudzi ndi dimba. Damiano adathawira kumtsinje pamodzi ndi anthu, nadikira m'bango masiku atatu, mabwato akuwolotsa ena. Tsiku lachinayi adakwera. Ana analibe.

Luisa adamujambula miyezi iwiri. Anali atacheuka pang'ono ngati wina wamuitana kumbuyo, duku wobiriwira kumutu, mpata pakati pa mano akutsogolo, nsidze ina yokwera kuposa inzake, kachipsera pachibwano. Masana ena ndidamva akunena chapansipansi kuti, "Ndi yemweyo." Adazungulira kuseri kwa sitolo, nakhalitsa kumeneko.

Poyamba adakhoma msomali pamwamba, pafupi ndi denga, kuti a m'basi ndi a pamalole azimuona. Sipadathe sabata, anyamata a chipani ogulitsa makhadi adafika nati palibe chithunzi chimene chingakhale pamwamba kuposa cha mtsogoleri chimene chili m'sitolomo. Adabwereka tepi yanga nayeza mkati, nayezanso panja. Luisa adatsika mainchesi khumi ndi awiri. Pamenepo adakhala moyang'anizana ndi makina anga, kotero kuti ndikangodzutsa maso pa singano ndinkakumana naye. Zidakhala choncho zaka ziwiri ndi theka.

M'mawa uliwonse Damiano ankamupachika, madzulo n'kumukulunga. Lole ya anthu atsopano ikaima, ankadzuka n'kuima pambali pa chithunzicho, maso ake ali pa nkhope za otsikawo. Ena ankawerenga dzina, ena ankangoyang'ana. Palibe adaimapo kawiri.

Mu Juni 1989 padaima kagalimoto koyera, kakutuluka nthunzi kutsogolo. Mudatuluka bambo wa sutu ndi tayi, dzina lake Maclean, wa ku Blantyre. Ankayenda m'midzi kugula mitondo yakale, mipando yosema ndi malimba, n'kukagulitsa kwa azungu. Adalowa kukapempha madzi a galimoto. Potuluka adaima pamaso pa Luisa, ndowa ili m'manja, madzi akudonthera pa nsapato.

"Wajambula ichi ndani?"

Ndidaloza ndi chibwano.

"Bambo, mudaphunzira kuti zimenezi?"

"Kutchalitchi," adatero Damiano.

"Ayi, musamanene choncho. Muzinena kuti simudaphunzire paliponse, zimangobwera zokha kutulo. Ogula amakonda munthu wosaphunzira. Ndiye ndi zingati?"

"Ndi mkazi wanga."

"Chabwino. Mkazi wanuyo ndi zingati?"

Mai Dorika adayankhira pawindo. "Adalowoledwa kale ameneyo, achimwene. Mwachedwa."

Maclean adaseka nakhala pabenchi la makasitomala anga. Sanali munthu woipa nkhope. Adafotokoza kuti mwezi wamawa kuli chionetsero cha zojambula pa hotela ina yaikulu mumzinda, masabata awiri athunthu. Damiano adapitiriza kutsuka burashi ngati sakumva. Kenaka adafunsa kuti kumabwera anthu angati.

"Mazana. Akuluakulu a mabungwe onse amene amayendetsa makampuwa, a ku Ntcheu, a ku Dedza, a ku Mulanje. Ena ochokera kunja."

"Aja amasunga mabuku a maina aja?"

"Onsewo, ndi akazi awo omwe."

"Amangodutsa, kapena amaima?"

"Amaima, bambo. Munthu amatha kuima ola lathunthu pa chithunzi chimodzi, tambula ili m'manja, mutu ataupendeketsa chonchi."

Damiano adandiyang'ana. Ndidadziwa zimene ankaganiza. Pakhonde pano pamadutsa anthu a msewu umodzi wokha. Uko kukadzakhala maso a makampu onse m'chipinda chimodzi.

Tonse atatu, ine, Damiano ndi Mai Dorika, tinkadziwa chionetsero cha mtundu umodzi wokha, chija cha zaulimi cha ku Ngabu. Munthu amapita ndi ng'ombe yake, anthu n'kuiona, akuluakulu n'kuisisita pamsana, madzulo n'kubwerera nayo kukhola. Palibe mwa ife adaganiza zofunsa ngati chithunzi chimabwerera. Maclean naye sadaganize kuti pali munthu wosadziwa. Adatulutsa pepala la Chingerezi, Damiano adasaina ndi zilembo zake zokongola zija. Ine mumtima ndidati bwenzi aphunzitsi atawerenga kaye, koma kukamwa kunali mapini.

Damiano adamukulunga yekha Luisa, namanga ndi kansalu ka pansi pa makina anga. "Mukawauze awerenge m'munsimo," adatero.

"Osadandaula," adatero Maclean. "Ameneyu akatchuka."

Pakhoma padatsala msomali. Julayi adatha, Ogasiti adatha. Malole ankaimabe, Damiano ankadzukabe n'kuima pamalo pomwe paja, koma analibe choti awasonyeze. Ndidamuona akuyesa kufotokozera mayi wina ndi manja, akudzigwira chibwano, akukweza nsidze. Mayiyo adaganiza kuti ndi wamisala, nakoka mwana wake.

Mu Sepitembala ndidalandira ntchito kuchokera kwa Geresomo, khukhi wa azungu awiri a bungwe lina lothandiza othawa nkhondo. Ankafuna makatani okhuthala, chifukwa Loweruka masana ankaliza jenereta n'kuonera vidiyo, ndipo dzuwa lathu lino linkawazimitsira zithunzi. Nditamaliza kusoka ndidapempha Damiano, poti anali wamtali, kuti akandithandize kupachika. Titamaliza, Geresomo adatikoka ku khomo la khitchini.

"Khalani apa pa makireti. Lero kuli filimu ya anthu a ntchito yanu, a Damiano. Akuti ndi yoseketsa. Mukaone mmene anzanu amadyera."

Tidakhala. Geresomo ankasenda mbatata za kachewere uku akutimasulira monong'ona.

Filimuyo inali ya mzinda wina wozizira, anthu onse atavala majasi. Munali bambo wonenepa amene adalemera ndi malonda a sopo, koma olemera anzake ankamuseka kuti ndi wopanda ulemerero. Adalemba ntchito mayi wina wowonda woti azimunong'oneza zoti agule. Zithunzi ankazigulitsa ngati fodya ku okushoni, munthu akufuula mitengo kutsogolo. Wasopoyo sankayang'ana chithunzi ngakhale pang'ono, ankayang'ana nkhope ya mdani wake, wamalonda a mabatani. Wamabatani akakweza chala, iye ankakweza dzanja lonse. Chomwe adapambana chinali cha mtsikana atakhala pawindo. Tidangomuona kamphindi. Amuna ovala magolovesi oyera adamuika m'bokosi, kukhomera misomali, kutsika naye pansi pa banki, kutseka chitseko chachitsulo, n'kuzimitsa magetsi.

"Apa akuti chikamakhala mumdima mtengo umakwera," adatero Geresomo. "Akuti bokosi likatsegulidwa utsika, chifukwa mwina anthu aona kuti n'chonyansa."

Kuyambira pamenepo olemera awiriwo ankangogulitsana bokosilo, chaka chino uyu, chaka chamawa uyo, osalitsegula. Chinkasuntha ndi kiyi yekha, kuchoka m'thumba la jasi ili kulowa m'thumba la jasi ilo. Cha kumapeto adabwera wojambula mwiniwake, wokalamba, nsapato zong'ambika, kupempha kuti angoonako kamodzi. Mlonda adamubweza pakhomo chifukwa analibe tayi. Adapita kukabwereka tayi kwa woperekera zakudya, pobwera adapeza banki yatsekedwa. Azungu aja adaseka mpaka wamkaziyo adapukuta misozi ndi katani yanga yatsopano. Inenso ndidaseka pang'ono pa nkhani ya tayi.

Damiano sadaseke. Adamugwira Geresomo pamkono.

"Mtsikana ali m'bokosi uja ndi m'bale wa ndani?"

"Palibe m'bale, a Damiano. Ndi chithunzi basi."

"Ali ndi nkhope."

"Nkhope ali nayo, koma ndi katundu. Inu simukuona kuti akuseka anthu opusa ndi ndalama?"

"Nanga chionetsero chikatha, zithunzi zimabwerera kwa eni ake?"

"Zimene zasowa wogula zimabwerera," adatero Geresomo akuponya mbatata m'madzi. "Zonyansazo. Zabwino zimapita." Adatenga mbatata ina, kenaka adakumbukira msomali wa pakhonde pathu, poti ankadutsapo tsiku lililonse popita kumsika. Mpeni udaima.

Tidabwerera dzuwa lisanalowe. Titafika pa njanji Damiano adaima.

"Shamwali, pepala lija linkati chiyani?"

"Sindidziwa. Linali la Chingerezi."

Adagwedeza mutu nalowera njira ya kukampu.

Maclean adabwera mu Novembala, mitambo itayamba kusonkhana, ali pa galimoto ina yaikulupo. Adatsika akumwetulira, manja atatambasula.

"Bambo Damiano, ndabwera ndi nkhani yabwino. Mkazi wanu ndi amene adayamba kupita, tsiku loyamba lomwe. Anthu awiri adachita kulimbirana, wina mpaka adakwiya osadya." Adaika envulopu yonenepa pa makina anga.

"Ali kuti?"

"Adagula bwana wina wa za misewu. Ntchito yake idatha mu Ogasiti, katundu wake adapita pa sitima ya pamadzi. Kaya ndi Holande, kaya ndi Denimaki, kozizira uko."

"M'bokosi?"

"Bokosi labwino kwambiri. Musaope, sanganyowe."

"Anthu aja adawerenga m'munsimo?"

Maclean adakanda kumutu. Adapita kumbuyo kwa galimoto, nasuntha mitondo, namasula kansalu kamene adamangira mitengo ya malimba. Kanali kachidutswa ka thumba la ufa, kotambalala ngati chikhatho. Ndidazindikira msoko wanga m'mphepete mwake.

"Ichi ndidadula. Fulemu siinkakwana, komanso zilembo zimachititsa chithunzi kuoneka ngati chikwangwani cha golosale. Tidachipatsa dzina labwino la Chingerezi, lotanthauza kuti mayi wosadziwika wa kuchigwa. Anthu adalikonda kwambiri." Adapukuta thukuta. "Tsono mvetserani. Ndikufuna khumi ena a mayi yemweyo pofika Isitala. Nkhope yomweyo, duku yekha muzisintha mtundu."

Damiano adalandira kansaluko ndi manja awiri. Adakayala pabondo nakawongola. Padalembedwa kuti Luisa Alfandega, wa kwa Chirombe, mwamuna wake Damiano ali pa Bangula, pa sitolo ya Mai Dorika.

"Takhuta," adathokoza m'Chisena, nakhala pabokosi lake, nayang'ana kumsewu.

Mai Dorika ndi amene adatuluka. "Achimwene, madzi a galimoto muli nawo?"

"Ndili nawo, mai."

"Ndiye palibe chokusungani."

Maclean adatembenukira kwa ine, ndipo ndikhulupirira kuti ankafunsa zoona. "Atelala, ndamulakwira chiyani munthuyu? Wina akadamubera theka. Ine ndamubweretsera zonse za papepala."

Ndidapitiriza kusoka. Sadabwerenso.

Envulopu idakhala m'kabati ya Mai Dorika mwezi wathunthu. Kenaka Damiano adaitenga napatsa gadi wa sitima kuti akamugulire ku Limbe penti yeniyeni ya m'machubu, yonga imene ansembe anali nayo, ndi maburashi a m'sitolo. Adandibweretsera thumba latsopano ndi kansalu ka zilembo kaja. Ndidalumikiza ndi msoko wapawiri.

Adayamba Lolemba m'mawa. Dzanja linkayenda mofulumira, ndipo pofika Lachinayi nkhope inalipo. Inali yosalala, maso akuyang'ana kumwamba. Adaiyang'ana nati ndi ya woyera wina wa m'tchalitchi cha kwawo, amene ankamupenta chaka ndi chaka. Adafuta. Yachiwiri idamutengera masabata awiri. Mai Dorika adatuluka, naiyang'ana, naika manja m'chiuno.

"A Damiano, mwandichotsera zaka khumi, zikomo. Koma amuna anga akaona mukafotokoza nokha."

Adafutanso. Kachitatu adajambula duku, khosi ndi mapewa, pakati n'kusiya poyera. Adakhala pamaso pake masiku ambiri, burashi ikuuma m'manja. Anthu a kukampu ankabwera ndi ntchito zawo, iye n'kuwauza kuti abwere mwezi wamawa.

Tsiku lina, mvula ikugwa, pakhonde tili awiri, adalankhula osanditembenukira.

"Ndisanamujambule, ndikatseka maso ndinkamuona akuyenda, akutafuna nzimbe, akundinyoza. Nditamujambula ndidayamba kuona thumba lija basi. Ndinkati palibe kanthu, poti thumba ndili nalo. Tsopano nalonso likuchoka."

Ndidamufunsa ngati kukampu kulibe wa kwa Chirombe woti angamukumbutse. Adati adafunsa kale m'mizere yonse ya nyumba za kumeneko. A kwawo adathawira mbali ina ya phiri.

M'mawa mwake adakoka bokosi lake nadzakhala pafupi ndi makina anga, zimene anali asanachitepo.

"Shamwali, inu mudamuona kuposa ine."

"Ine mkazi wanu sindidamuonepo."

"Thumba lija. Ine ndinkaima pambali pake, maso kumsewu. Inu munali naye maso ndi maso tsiku lonse." Adadzuka. "Vundikirani makina. Tiyeni kumsika."

Ndidapita. Ine amene ndimatha tsiku ndi mawu osakwana khumi, ndidayenda pakati pa mabenchi a nsomba ndikuloza ndi chibwano akazi a eni. Chipumi tidachipeza kwa mtsikana wogulitsa mchere. Pakamwa padativuta masiku anayi, mpaka ndidapaona pa mayi wina akutsika sitima, akukalipira mwamuna wake. Damiano ankandifunsa mafunso ake aja. Ankabisa mano? Ndidati ayi, koma mlomo wapansi unali ngati ukufuna kunena kanthu. Nsidze yokwera inali iti? Ndidamusonyeza. Ndidadabwa ndi zimene ndidasunga osadziwa. Ndidakumbukira kuti diso lina linali ndi kadontho koyera pakona, ndi kuti pansi pa khutu panali pomwe ulusi wa thumba udatukuka, penti n'kukhala ngati kanjere. Adati kanjereko sikanali ka Luisa, kanali ka thumba. Koma adakajambulabe.

Tidasemphana pa chipsera. Iye adachiika mbali iyi ya chibwano, ine ndidati chinali mbali inayo.

"Chinali kumanja," adatero. "Adagwa ndi mtsuko ali mwana."

"Pathumba chinali kumanzere."

"Kumanzere kwanu kapena kwake?"

Ndidatseka maso, ndidatembenuka, ndidadzigwira chibwano mbali zonse ziwiri. Iyenso adachita chimodzimodzi. Mai Dorika adatiyang'ana pawindo, amuna awiri aimvi akudzisisita zibwano, koma tsiku limenelo sadaseke. Pomaliza Damiano adachiika pomwe ndidanena ine.

Adamaliza mu Febuluwale. Adatembenuza thumba kuti liyang'ane kwa ine.

"Nenani."

Ndidachotsa mapini kukamwa. "Ndi wa pathumba uja."

"Sindikufunsa zimenezo."

"Zinazo mungadziwe ndinu."

Adabwera kudzaima pambali panga, nayang'ana kuchokera pamene ine ndinkayang'anira. Adaima nthawi yaitali, basi ya ku Nsanje idafika n'kunyamuka.

"Wafanana," adatero.

Adatenga chitini cha penti yoyera, nachitsegula ndi msomali, natakasa ndi kamtengo. Ine ndidabwerera ku singano kuti ndisaone. Ndidamva chivundikiro chikutsekedwa. Nditadzutsa maso, thumba linali pamsomali, nkhope ili pomwepo.

Adakhala nafe zaka zina zitatu. Adayambiranso kujambulira anthu, ndipo kwa iwo lamulo lake lidakhala lomwe lija. Malole akaima ankadzukabe. Koma ndidaona kuti munthu akaima nthawi yaitali pa chithunzicho, Damiano ankamuuza kuti awerenge dzina, nkhopeyo asaikhulupirire kwambiri.

Nkhondo itatha, anthu adayamba kubwerera kwawo, ena pa malole, ena pa mabwato. Kampu idayamba kuchepa, m'malo mwa nyumba n'kumatsala zitsa za nsichi. Damiano adanyamuka mu Meyi 1993. Adabwera m'mawa ndi kachitini kake ka mkaka. Maburashi a ku Limbe adapatsa Mai Dorika kuti azipakira laimu. Adapachika thumba monga mwa masiku onse, natenga burashi yaing'ono, nawonjeza mawu awiri pansi pa zilembo zakale: funsani atelala.

"Mwina iye akubwera ndi msewu pamene ine ndikupita ndi mtsinje," adatero. "Mvula ikamabwera ndi mphepo ya kummwera muzimulowetsa."

"Ndamva."

"Ndikafika ndilemba."

Tidagwirana chanza. Adatsika masitepe atatu a khonde nalowera ku Chiromo, wowerama pang'ono monga adabwerera. Kalata sidafike. Ndidafunsapo amalonda a nsomba ochokera kutsidyako. Wina adati ku Morumbala kuli mkulu wolemba zikwangwani, wina adati ameneyo ndi wamfupi.

Ndimamupachika m'mawa, madzulo ndimamukulunga. Duku wazilala, wayamba kuoneka ngati wotuwa. Nthawi zina kasitomala wodikira buluku lake amafunsa kuti ndi ndani, ndimati ndi Luisa. Amafunsa ngati anali mkazi wanga, ndimati ayi. Ofunsa za dzinalo, monga Damiano adalembera, sadabwerebe.

Chaka chotsatira atachoka, chithunzi cha mtsogoleri cha m'sitolo chija chidatsitsidwa, ndipo anyamata oyeza ndi tepi adasowa. Ndidazengereza miyezi ingapo, chifukwa ndidazolowera kukumana naye ndikadzutsa maso. Kenaka tsiku lina ndidakwera pabenchi, ndidapeza kabowo koyamba kaja pafupi ndi denga, n'kukhomamo msomali. A m'basi amamuona bwino tsopano. Ine ndikadzutsa maso pa singano ndimaona msoko wanga wapawiri ndi zilembo.